Za comp time musavomere, achemwali

Achemwali, inu amene mukugwira ntchito ngati yanga ku America, ya mu ofesi yoyendetsa za ma resident (madokotala amene akuphunzira ntchito pachipatala), zimene akukuuzani kuntchito zoti "mudzapuma tsiku lina" m'malo mokulipirani overtime, zomwe amati comp time, musavomere ayi. Ngati muli non-exempt (m'gulu la antchito oyenera kulipidwa overtime) ndipo chipatalacho si cha boma, lamulo la boma la America la za malipiro, FLSA, likuti ola lililonse lopyola 40 pa sabata akulipireni ola ndi theka. Comp time amaloledwa kupereka ndi mabungwe a boma okha.

Ine zinandionekera kumapeto kwa Juni, ma resident atsopano atatsala pang'ono kuyamba pa 1 Julaye. Wina viza yake ya J-1 inali isanatuluke, akungondiimbira akulira. Ena alibe ma badge, ma password sakugwira, kenako program director (dokotala wamkulu wa maphunziro awo) wasintha ma rotation onse (ndandanda ya komwe azikagwira) madzulo n'kunditumizira ka meseji koti zikhale zokonzeka m'mawa. Ndinakhala mu ofesi mpaka oyeretsa kuzimitsa magetsi a m'khonde, chakudya changa mabisiketi otsala pa orientation, mwana atagona pa sofa kwa aneba. Sabata yonse choncho. Lolemba kutsegula timesheet, bwana wafufuta maola anga n'kulembapo 40 yekha. Kumufunsa, akuti bajeti ya GME (ofesi ya maphunziro a ma resident) ilibe overtime, komanso sindinapemphe chilolezo. Ndipemphe kwa ndani, iye atanyamula chikwama 4 koloko? Mayi ameneyu ndi yemwe ankandikalipira ndikachedwetsa lipoti la maola a ma resident, poti ACGME, bungwe loyang'anira maphunziro awo, kuyambira 2003 salola kupyola maola 80 pa sabata akawerengera pa masabata anayi. Maola a madokotala ndinkawalondera ine, koma anga akuwafufuta masana dzuwa likuswa mtengo. Mpaka lero mtima umandiwawa.

Ndinapita ku HR ndi ma email osonyeza nthawi imene ndinatumiza, ndipo anandilipira, chifukwa ngati abwana akudziwa kuti mukugwira ntchito, chilolezo chikhalepo kapena ayi, malipiro ndi anu. Koma kuchokera pomwepo moni wa bwana uja anatha, kumisonkhano osandiitananso. Kenako anabwera ndi nzeru yoti andikweze ndikhale exempt, m'gulu losalipidwa overtime. Chenjerani nazo zimenezo. Malipiro otsikitsitsa amene boma limafuna kuti munthu akhale exempt ndi $684 yokha pa sabata, anawakweza mu 2024 koma khoti la ku Texas linathetsa mu Novembala chaka chomwecho. Akuonjezerani kandalama kochepa, overtime yonse ya nyengo ya ma interview a ofuna kukhala ma resident n'kupita.

Ndiye lembani maola anu mu kabuku kanu, kasakhale pa kompyuta ya kuntchito. Lamulo limakupatsani zaka 2 zodandaula, 3 ngati anachita dala, ndiye musathamangire ku HR pano. Dikirani Match Day, tsiku lolengeza chipatala chimene ma resident atsopano apite, idutse mu Malichi, mukapsetsana ndi abwana rank list (mndandanda wa amene chipatala chikuwafuna) isanapite mudzavutika ndinu. Ikakwana 5 koloko muzitseka kompyuta n'kumapita kwanu. Koma sabata ya orientation yokha khalani, ma resident atsopano aja musawasiye opanda ma badge, iwo sanalakwe kanthu.