Ku São Tomé ndi Príncipe Kumakhala Anthu Angati?

Bambo wina wanditumizira imelo atamva dzinali pa nkhani za mpira. Akufunsa kuti: "Kodi São Tomé ili kuti, ndipo kuli anthu angati? Nanga Chipwitikizi chinafikako bwanji pakati pa nyanja?"

Zikomo bambo pofunsa. Dzikoli ndi zilumba ziwiri, São Tomé chachikulu ndi Príncipe chaching'ono, komanso tizilumba tina tating'ono m'nyanja ya Atlantic, makilomita pafupifupi 250 kuchokera kugombe la Gabon. Lonse limakula masikweya kilomita pafupifupi 1,000 basi, moti muno mu Africa ndi Seychelles yokha imene ili yochepa kuposa ilo. Anthu amapitirira pang'ono 200,000, ndipo pa Príncipe sakwana n'komwe 10,000.

Anthuwo sanamwazikane ponseponse. Zilumbazi zinabadwa ndi mapiri ophulika, ndipo phiri la Pico de São Tomé limafika mamita 2,024. Kum'mwera chakumadzulo kwa chilumba cha São Tomé mvula imagwa mosalekeza, nkhalango ya Obô n'kuwirira moti dzuwa silifika pansi. Kum'mwera komweko kuli Pico Cão Grande, chimwala choimirira ngati chala, nsonga yake itabisika m'mitambo. Choncho anthu anaunjikana kumpoto chakum'mawa, kumene kuli likulu ndiponso kouma pang'ono.

Funso lanu lomalizalo ndi limene limandikhudza mtima. Apwitikizi atafika cha m'ma 1470 sanapezeko munthu ngakhale mmodzi. Ndiye kuti aliyense wa kumeneko, makolo ake anachita kubwera pa sitima, ambiri mosafuna. Poyamba anali akapolo olima nzimbe. Kenako kunabwera khofi ndi koko, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 tizilumbati tinkatulutsa koko wochuluka kuposa dziko lina lililonse. Ukapolo utathetsedwa, eni minda ikuluikulu yotchedwa roça anayamba kutenga antchito "a kontrakiti" ku Angola, ku Cape Verde ndi ku Mozambique. Kontrakitiyo inali ya dzina lokha; ambiri sanabwererenso kwawo. Ana awo obadwira m'mindamo amatchedwa Tonga (si Atonga a ku Malawi kapena ku Zambia ayi).

N'chifukwa chake Chipwitikizi chinasanduka chiyankhulo cha onse, ngakhale ufulu unabwera pa 12 July 1975. Koma pambali pake pali ziyankhulo zina: pali Forro, pali Angolar ya asodzi a kum'mwera, ndi Lung'ie ya pa Príncipe. Yomalizayi ikundidetsa nkhawa, bambo, chifukwa oiyankhula bwinobwino atsala owerengeka, ambiri a iwo okalamba.