Za mapilisi owerengera: yankho kwa mchimwene wa ku Chikanda

Achimwene, mwafunsa ngati ndi zoona kuti pali mapilisi kapena chamba chopatsa munthu changu chowerenga usiku wonse mayeso akayandikira ku Chirunga. Changucho chimabweradi, koma kukhoza ndi nkhani ina.

Mu ubongo muli kemikolo yotchedwa dopamine, yonyamula mauthenga pakati pa maselo. Ambiri amati ndi ya chisangalalo, koma ntchito yake yaikulu ndi kukutsimikizirani kuti chinthu ichi n'choyenera kuchikhetsera thukuta. Ritalin, mankhwala amene madokotala amapereka kwa anthu a ADHD (vuto lolephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi), amachititsa kuti dopamine ichedwe kuchoka pakati pa maselo a ubongo. Ndiye buku lomwe limakugonetsani dzulo lero limakoma, njala imatha, tulo osabwera.

Vuto lake ndi lakuti munthu amadzimva wanzeru kuposa mmene alili. Mu 2023, ofufuza a ku Melbourne ndi Cambridge anapatsa anthu 40 abwinobwino Ritalin ndi mankhwala ena ogalamutsa ubongo otchedwa dextroamphetamine ndi modafinil, kenako n'kuwapatsa masamu ovuta. Anthuwo analimbikira kwambiri, nthawi yambiri n'kupita, koma mayankho awo sanapose a tsiku lomwe anamwa mapilisi opanda mankhwala. Omwe ankakhoza bwino poyamba ndiwo anabwerera m'mbuyo kwambiri. Asilikali a Germany nawonso ankameza mapilisi ochotsa tulo otchedwa Pervitin mu 1940 kuti aziyenda osagona, koma mphamvu yake ikatha ankangoti lefuu, ena n'kukodwa nayo osatha kuisiya.

Chamba musachiike n'komwe m'gulu limeneli. Ndimamva anyamata ena a kabaza akuti chimawapatsa mphamvu pokwera chitunda, koma kwa wowerenga chimasokoneza kusunga zinthu zatsopano m'mutu, zomwe inu mukuzifunazo. Kwa achinyamata ena, makamaka ngati kumtundu kwawo kuli matenda a maganizo, chimadzutsa misala, ndipo chipatala chake tonse tikuchidziwa, chili momuno mu Zomba. Lamulo la 2020 lija linaloleza chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale basi, osati chosuta.

Khofi ndi tiyi ndiye zapafupi. Caffeine yomwe ili m'menemo imatsekereza kemikolo yotchedwa adenosine, yomwe imauza thupi kuti latopa. Kutopako sikuchoka, kumangobisika. Patatha maola pafupifupi 5 theka lake limakhala likadali m'magazi, choncho kapu ya 9 koloko usiku imakuberani tulo mpaka mbandakucha, pomwe zowerenga zimakhazikika m'mutu munthu ali mtulo. Wamkulu asapyole 400 mg ya caffeine pa tsiku, ndipo muziwerengera ndi zakumwa zopatsa mphamvu za m'zitini zija.

Koma ngati ulesi wowerenga watha milungu, chakudya sichikukoma, ngakhale mpira womwe mumaukonda sukukusangalatsaninso, mwina si ulesi. Pitani kukliniki ya pasukulu kapena ku Zomba Central mukafotokoze, chifukwa matenda a kukhumudwa amachizika. Mapilisi a mnzanu wa mu hostelo musawakhudze, Ritalin amathamangitsa mtima komanso amakweza BP.