Musazimitse STP amwene, ine inandigonetsa pa katoni mu server room

Amwene mwafunsa ngati muzimitse STP (spanning tree protocol, imene imateteza netiweki ku loop, kuti data isamangozungulira pa ma switch osatha) chifukwa makompyuta akuchedwa kulowa pa netiweki, chonde musayerekeze. Masekondi 30 amene kompyuta ikudikira isanalandire IP mukabaya chingwewo ndi spanning tree ili pa ntchito, 15 pa listening, 15 pa learning, kenako port imatseguka. Amene akukuuzani kuti ingozimitsani STP muwafunse ngati adzabwere kudzakuthandizani tsiku lomwe zidzavute. Ine ndangowerenga mtima wayamba kugunda, ndakumbuka za 2019.

Ndinkagwira ntchito pa kampani ina ku Limbe, dzina ndisatchule. IT ndinali ndekha, kuyambira printa yodya mapepala mpaka seva. Netiweki ndinaipeza yoikidwa kale ndi kontrakitala wina, mnzake wa abwana, ma switch a Cisco anayi, imodzi ya core (yaikulu, yolumikiza zinazo), zitatu za m'maofesi. Chikalata chofotokoza kalikonse panalibe, zingwe zopanda label ndi chimodzi chomwe.

Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, a ku accounts ali mkati motumiza malipiro ku banki, zonse zinangoti zii. Mafoni a pa desiki aja a VoIP anafa, makamera anafa, printa inafa. Ping ya ku gateway request timed out yokhayokha, mwina imodzi idutse ndi 3000 ms kenako zii. Makompyuta amene anthu anawazimitsa n'kuyatsanso anabwera ndi IP yodzipatsa okha ya 169.254, DHCP yogawa ma IP osaiona n'komwe. Ine poyamba ndinathamangira kuimbira a intaneti, ndinawakalipira ndithu, iwo n'kundiyankha mofatsa kuti bwana link yanu ili up, vuto lili kwanu komweko. Manyazi.

Kulowa mu server room ndinaona malodza. Timagetsi ta pa switch tija timaphethira katokha katokha, koma tsiku limenelo tonse tinkaphethira limodzi mwaliwiro ngati ta pa Khirisimasi, mpaka tina kungoyaka osazimanso. SSH, yolowera mu switch kudzera pa netiweki, kukana. Ndinazimitsa core n'kuyatsanso, zinayenda mwina mphindi imodzi, ku accounts ndinamva wina akuti yabwera yabwera, kenako inagwanso. Ndinatero katatu. Kachitatuko abwana anali ataima pakhomo manja ali m'thumba, kumbuyo kwawo mayi a HR, kumbuyo kwawo madalaivala awiri amene anamva kuti malipiro achedwa chifukwa cha mnyamata wa makompyuta. Mu chipindamo muli AC koma malaya anga anali chonyowa.

Chingwe cha console cha buluu chija, cholumikizira laputopu ku switch mwachindunji, ndinachipeza pansi pa katoni ya ma toner, adaputa ya USB kukana driver, intaneti yoti ndikopere driver palibe, ndinachita kubwereka bando pa foni ya mlonda chifukwa yanga inali itatha. Pulogalamu ya PuTTY, liwiro 9600, kulowa mu switch. Ndikalemba chilembo chimodzi chimatuluka patapita masekondi angapo, CPU ili pa 99. Log yodzaza ndi MACFLAP, MAC (adiresi ya chipangizo) ya seva yathu ikudumpha pakati pa ma port awiri, seva yomwe ndikuiona ndi maso ili pomwepo pa rack osasuntha. Ndinatsegula Wireshark yoonera zodutsa pa netiweki pa laputopu, ARP imodzimodziyo, yofunsa kuti who has 192.168.1.1, ikubwera masauzande osaleka mpaka laputopu inauma. Apo m'pamene mutu unabwerera kuti iyi ndi loop.

Mukudziwa frame ya Ethernet ilibe TTL, nambala yoletsa data kuzungulira mpaka kalekale. Packet ya IP ikasochera pa ma rauta, rauta iliyonse imachotsapo 1 mpaka ifike pa 0 n'kufa. Pa layer 2, pamene ma switch amagwira ntchito, palibe wochotsa. Broadcast (uthenga wopita kwa onse) ikalowa m'bwalo imangozungulira, ndipo pozungulira paliponse switch imaikopera ku ma port onse. N'chifukwa chake Radia Perlman anapanga spanning tree mu 1985 ali ku kampani ya DEC, ya IEEE 802.1D n'kudzatuluka mu 1990. Ine ndinkadziwa zonsezi, ndinalemba mayeso ake, ndiye ndinkadzifunsa kuti nanga STP ili kuti? Show run yoonetsa ma setting, kudikira, kudikira, mzere uwo: no spanning-tree vlan 1. Ndipo zonse, mafoni, makamera, accounts, WiFi ya alendo, zinali pa VLAN 1 yomweyo (VLAN ndi chigawo cha netiweki), ndiye STP inali yozimitsidwa pa zonsezo. Pa switch zonse zinayi.

Ndinayamba kuzula ma uplink, zingwe zolumikiza core ndi switch zinazo, imodzi imodzi. Nditazula ya ku maofesi a pansi timagetsi tinakhazikika. Kutsika, switch ya ma port 24, kuzulanso chimodzi chimodzi anthu atandizungulira, port 19. Chingwe chake chikupita kuti? Palibe akudziwa. Ndinakwera pa tebulo kutsegula siling'i, fumbi m'maso, ndowe za makoswe m'tsitsi, kuchitsatira ndi tochi ya foni mpaka ku registry. Kuseri kwa kabati ya mafayilo kunali ka switch ka ma port 8 kotchipa kaja, ndipo kachingwe kachikasu kanatuluka pa port 3 n'kukalowa pa port 6. Amayi okonza m'maofesi anakapeza kakulendewera posesa, anaganiza kuti akazula ndi tsache, n'kukabwezera pa bowo lomwe analiona. Iwo sindiwaimba mlandu ngakhale pang'ono, anachita zomwe munthu wosamala angachite. Anabwera akunjenjemera kudzapepesa, ine ndinawauza kuti amayi pitani mukapume.

Wanga ndi kontrakitala uja. Ndinamuimbira kasanu osayankha, madzulo n'kutumiza uthenga kuti ali ku maliro. Lolemba anabwera atavala jekete, n'kuuza abwana pamaso panga kuti mwina mnyamata wanuyu anasintha zinazake. Ine! Nditamuonetsa mzere uja anati anazimitsa dala chifukwa anthu ankadandaula kuti makompyuta akuchedwa kulowa pa netiweki m'mawa. Dandaulo lanu lomweli amwene. Munthu wolipidwa ndalama zambirimbiri osadziwa portfast, imene imatsegula port ya kompyuta pompopompo STP ili yoyaka. Ndipo anatumiza invoice ya kubwera kwake Lolembalo, analipidwa, ine ndinalandira kalata yochenjeza chifukwa fayilo ya malipiro inaphonya nthawi ya ku banki, anthu analandira sabata yotsatira. Madalaivala aja mwezi wonse osandipatsa moni. Usiku wa Lachisanulo ndinagona momwemo pa katoni kuyatsa STP switch imodzi imodzi ndi kumata ma label a masking tape.

Ndiye chitani izi. Ma port opita ku makompyuta ndi maprinta ikani spanning-tree portfast, masekondi 30 aja atha pomwepo, ndipo pomwepo onjezani bpduguard kuti BPDU (uthenga wa STP womwe ma switch amatumizirana) ikangolowa port idzitseke yokha, igwe err-disabled. Pa ma uplink opita ku switch ina portfast ayi. Chokani pa 802.1D yakale mupite pa rapid-pvst, STP yachangu (RSTP) ya pa Cisco, RSTP ilipo kuyambira 2001, chingwe chikaduka imapeza njira ina m'masekondi ochepa pomwe yakale imatha kufika 50. Root, switch yomwe STP imaitenga ngati mutu, musankhe nokha, core muipatse priority 4096, chifukwa mukasiya zonse pa 32768 imapambana ya MAC yotsika, ndipo kawirikawiri imakhala nkhalamba ya switch ili pakona ku stores. Ngati muli pa zipangizo za MikroTik ndi zomwezo, bridge ikhale pa rstp, ma port a anthu edge=yes ndi bpdu-guard. Ikaninso storm control yochepetsa broadcast ikachuluka, poti tina mwa tima switch totchipati timameza BPDU osaibweza, ndiye bpduguard siiona kanthu. STP nayo si mngelo, chipatala cha Beth Israel Deaconess ku Boston chinabwerera ku mapepala masiku angapo mu November 2002 chifukwa netiweki yawo ya layer 2 inakula mopyola malire a spanning tree, choncho gawani ma VLAN, zina zidutse pa routing.

Ndipo zikakugwerani musamazule zingwe mwachisawawa ngati wamisala, khalani pansi muwerenge log kaye. Inde ine chinandipulumutsa ndi kuzula komweko, log inangondiuza dzina la matenda, koma inu werengani. Tima switch ta pansi pa desiki tiletseni, mukakapeza kazuleni osafunsa munthu. Kaja ka ku registry ndinakatenga ine, kali m'chikwama changa, ndipo mwezi watha ndinakaika pa reception kuno kumene ndikugwira ntchito pano chifukwa abwana akuti chingwe chatsopano tidikire bajeti ya chaka chamawa. Mabowo otsalawo ndamata selotepi.

Tumizani zotuluka pa show spanning-tree summary ku inbox ndione musanagwire kalikonse.