Kulemba msilikali wobwera ku Burma m'buku lofufuza imfa

Achimwene, mwafunsa kuti m'buku lanu lofufuza imfa yodabwitsa ku Zomba mu 1947 mungaonetse bwanji kuti msilikali wakale wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali a ku Africa m'manja mwa Angerezi) anavulala m'maganizo, koma osamusandutsa wamisala. Yambani ndi komwe anali. Ngati anamenya nkhondo ku Burma, muikeni m'gulu la 11th East African Division, lomwe linadutsa chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula ya 1944 mpaka kukafika ku mtsinje wa Chindwin. Kumeneko anthu sankavutika ndi zipolopolo zokha. Kunali malungo, kamwazi, misundu, matope ndi zovala zosauma. Choncho chomudzidzimutsa chisangokhala kulira kwa mfuti, poti zimenezo aliyense amalemba. Mvula yoyamba ikamagunda malata, kapena fungo la bulangete lonyowa likamufika, mpamene mtima wake uthamange.

Mawu oti PTSD, dzina lachizungu la matenda ovulala m'maganizo pambuyo pa zoopsa, asatuluke pakamwa pa munthu aliyense m'bukumo, chifukwa madokotala anawakhazikitsa mu 1980. Kumudzi akanati mizimu ya anthu amene anawapha ikumulondola, kapena kuti anamulodza, n'kupita naye kwa sing'anga kukasamba mankhwala. Malo osungirako odwala misala ku Zomba analipo kuyambira 1910, koma ankafanana ndi ndende, ndiye banja lake lingasankhe kumubisa.

Vutolo lioneke m'zochita. Sakhala mofulatira khomo. Amagona pang'ono, amadzuka ali thukuta, mkazi wake anasamukira pa mphasa ina ataona kuti amamenya kutulo. Mwana akamugwira paphewa mwadzidzidzi amalumpha, kenako manyazi. Kachasu amamwera kuti tulo tibwere. Ndipo chomwe olemba ambiri amaiwala ndi kuzizira mtima: pamaliro a m'bale wake salira, anthu n'kumanong'ona. Apa pali kale chifukwa choti mudzi wonse umukayikire. Sankhani zizindikiro zitatu zokha, muzibwereze mosiyanasiyana. Mukaika zonse adzakhala ngati chithunzi cha m'buku la anamwino.

Tsopano pagona nkhani mpoti vuto lakelo ligwire ntchito pa mlandu weniweniwo. Munthu wotere amakumbuka zidutswa: fungo, mtundu wa nsapato, mawu amodzi, koma ndondomeko ya nthawi imasokonekera. Monga mboni amanena zoona zosakanikirana, za ku Kabaw n'kulowa m'za ku Zomba. Wofufuza ntchito yake ikhale kulekanitsa ziwirizi. Mwachitsanzo, akuti anamva fungo la mafuta opukutira mfuti usiku wa imfayo, onse n'kumati ndi za kunkhondo zija, pomwe analimvadi. Chizindikiro chotere chiikeni kumayambiriro, muchibwereze pakati, owerenga achinyoze limodzi ndi apolisi. Kukhala tcheru kwake kumathandizanso: iye yekha ndiye anaona kuti galu sanauwe ndiponso kuti mapazi analowera kuti.

Pomwe mabuku otere amagwera ndi apa. Msilikali amaiwala zonse, kenako m'mutu womaliza n'kukumbukira wakupha. Uku n'kubera owerenga, chifukwa yankho liyenera kuchokera m'zizindikiro zomwe anazionapo kale. Kwina amamupanga iyeyo kukhala wakupha chabe chifukwa anapita kunkhondo, zomwe ndi ulesi komanso kunyoza anthu omwe ambiri mwa iwo sanavulaze wina aliyense atabwerera. Zokumbukira za kunkhondo zikhale zazifupi, ndime imodzi kapena ziwiri, osati m'mutu uliwonse.

Za boma zisamalireni. Likulu linali Zomba, imfa yakumudzi inkayamba kwa nyakwawa, n'kupita kwa mfumu, kenako kwa bwana DC ndi apolisi, ndipo uthenga unkayenda ndi mesenjala wapansi kapena wapanjinga. Asilikali akale ambiri ankalembedwa upolisi, umesenjala kapena ulonda, choncho wofufuza wanu akhoza kukhala mnzake wa kunkhondo yemwe nayenso sagona. Muikemonso nkhalamba yomwe inali mtengatenga, wosenza katundu wa asilikali, pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene imamvetsa osafunsa.

Mlandu ukatha musamuchiritse. Kupeza wakupha sikuchotsa maloto oipa. Chomwe chingasinthe n'chaching'ono, monga kuti wayamba kufotokozera mkazi wake dzina la mnzake amene anamusiya ku Kabaw, kapena kuti mudzi wasiya kumuloza chala.