Kodi kapolo analowa bwanji m'nyumba ya malamulo?

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo yofunsa ngati zili zoona kuti ku America kunali anthu obadwira mu ukapolo amene anadzakhala aphungu, ndipo ngati zili choncho, kodi sanangoikidwa pampando ndi azungu kuti aziwagwiritsa ntchito. Mayi, ndi zoona, ndipo mbali yachiwiri ya funso lanulo ndiyankha pofotokoza moyo wa Robert Smalls.

Smalls anabadwa mu 1839 m'tauni ya Beaufort, m'chigawo cha South Carolina, ali kapolo wa Henry McKee. Atakwana zaka 12 anatumizidwa ku Charleston kukagwira ntchito, koma gawo lalikulu la malipiro ake linkapita m'thumba la mbuye wake. Padoko la mzindawo ndi pamene anaphunzira kuyendetsa sitima, mpaka anadziwa njira zonse za pamadzi za m'deralo.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itabuka pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kummwera zimene zinkafuna kuti ukapolo upitirire, iye ankawongolera sitima ya asilikali a kummwera yotchedwa Planter. M'bandakucha wa pa 13 May 1862, akuluakulu achizungu a m'sitimayo atakagona kumtunda, Smalls ndi akapolo anzake anaimasula, anatenga akazi ndi ana awo, kuphatikizapo mkazi wake Hannah, ndipo anailunjikitsa kunyanja. Anavala chipewa cha kaputeni, ndipo podutsa pa linga la Fort Sumter analiza zizindikiro zonse zoyenera, alonda osazindikira kanthu, mpaka anakaipereka kwa asilikali a kumpoto. Akanagwidwa, kunalibe chilango china koma imfa, ndipo onse m'sitimamo ankadziwa zimenezo.

Munthu wotereyu, mayi, sanafunikire kunyamulidwa ndi wina. Amene anamusankha anali anthu a kwawo ku Beaufort, ambiri mwa iwo omasulidwa kumene, amene ankalankhula naye Chigullah, chinenero cha akuda a m'mphepete mwa nyanja kumeneko. Mu 1868 anali nawo pa msonkhano wolemba malamulo atsopano oyendetsera South Carolina, ndipo kumeneko analimbikira kuti boma litsegule sukulu zaulere za ana onse. Mfundo imeneyi ndi imene imandigwira mtima kwambiri, chifukwa iye mwini anaphunzira kuwerenga ali wamkulu kale, pakuti malamulo a chigawocho ankaletsa kuphunzitsa kapolo. Chaka chomwecho anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo, mu 1870 analowa m'nyumba yake yapamwamba, ndipo kuyambira mu 1875 anakaimira anthu ake m'nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington, kumene anakhalako maulendo asanu.

Sindikubisirani kuti mu 1877 anapezeka wolakwa pa mlandu wa ziphuphu. Mlanduwo unabwera pa nthawi imene azungu a chipani cha Democratic ankalanda ulamuliro wa chigawocho mwa ziwawa ndi kuopseza ovota, ndipo mu 1879 anakhululukidwa. Kuona kwanga n'kwakuti ndale zinali patsogolo pa nkhaniyo.

Umboni waukulu woti sanali chidole cha munthu unaoneka mu 1895, pamene Benjamin Tillman, mzungu wandale wa chipani cha Democratic, anatsogolera msonkhano wina wolembanso malamulo ndi cholinga chochotsera anthu akuda mwayi woponya voti kudzera m'mayeso a kuwerenga ndi msonkho. Nthumwi zachikuda zinalipo zisanu ndi imodzi zokha, ndipo Smalls, akudziwa kuti sapambana, anaimirirabe n'kutsutsa poyera. Malamulowo anadutsa, ndipo akuda ambiri a ku South Carolina sanavotenso mpaka m'ma 1960.

Anamwalira mu 1915 m'nyumba ya pa 511 Prince Street ku Beaufort, nyumba ya mbuye wake yomwe ija, imene anaigula pa nthawi ya nkhondo boma litailanda chifukwa cha msonkho. M'nyumba yomweyo ndi mmene anasungamo mkazi wa McKee atakalamba, mpaka mayiyo anamwalira.