Musawachotse Ongotenga Notsi

Achemwali, mwafunsa ngati ndi bwino kuchotsa pagulu lanu la WhatsApp la ophunzira unamwino anthu amene amangotenga notsi ndi mapepala a mayeso akale, iwo osatumiza kalikonse. Ine ndikuti musawachotse. Vuto lili pa mmene gulu lakonzedwera.

Khalidwe limeneli linayamba kalekale kuvutitsa anthu ogawana zinthu pa intaneti. Mu 2000, Eytan Adar ndi Bernardo Huberman a ku Xerox PARC, malo a kafukufuku ku America, anafufuza Gnutella, netiweki imene anthu ankapatsirana mafayilo kuchoka pa kompyuta ya uyu kupita pa ya uyo, popanda malo amodzi osungira zonse. Anapeza kuti pafupifupi anthu 70 pa 100 alionse sankapereka fayilo ngakhale imodzi. Gulu lonse linkadalira anthu ochepa kwambiri, ngati mmene inu ndi anzanu atatu aja mwalisenzera lanu.

Bram Cohen atapanga BitTorrent, njira ina yopatsirana mafayilo pa intaneti, mu 2001, sanathamangitse aliyense. Fayilo imaduladulidwa tizidutswa, ndipo ukangolandira kachidutswa kamodzi umayamba kupatsa ena pomwepo, pamene ukulandira tina. Amene akukupatsa mwachangu, nawenso umayamba kumupatsa iyeyo. Kutenga ndi kupereka zinamangidwa pamodzi.

M'kalasi nzeru yomweyi inagwira ntchito kale makompyutawa asanabwere. Mu 1971 Elliot Aronson, katswiri wa za maganizo ndi khalidwe la anthu, ku Austin m'dera la Texas ku America, ankagawa ana m'timagulu ting'onoting'ono, aliyense n'kupatsidwa gawo lake lokha la phunziro. Mayeso ankabwera pa phunziro lonse, choncho ngakhale mwana wamanyazi anzake ankamumvetsera, chifukwa zimene iye ankadziwa panalibe wina wozidziwa.

Inunso chitani chimodzimodzi. Gawani gulu lalikululo m'timagulu ta anthu 5 kapena 6, ndipo mutu uliwonse ukhale ndi mwiniwake, wotchulidwa dzina, komanso tsiku loti aufotokoze. Kungoti "aliyense amene ali ndi notsi atumize" n'kusiyira ntchito anthu omwe aja.

Ndikupempheninso kuti musamaone onse okhala chete ngati odzikonda. Alipodi ena obisa nzeru poopa kuti anzawo awaposa pamayeso. Koma ambiri amaopa kulakwitsa pamaso pa khamu, makamaka ngati wina anasekedwapo atafunsa funso. Ena bandulo yawo ndi yongokwanira mauthenga, sangakwanitse kutumiza PDF yaikulu. Amenewa aloleni afotokoze gawo lawo ndi voice note yaifupi, kapena ajambule tsamba limodzi la kope lawo. Mafayilo akuluakulu muzipatsana pa Xender kapena pa Bluetooth mukakumana kukalasi, sizidya bandulo. Ndipo munthu akatumiza kanthu koyamba, muthokozeni pomutchula dzina, afunsidwenso funso limodzi pa zimene watumizazo kuti aone kuti zawerengedwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, poti inu ndi anamwino a mawa, ndi notsi zolakwika. Zinthu zikamayenda kuchoka pa foni kupita pa foni, cholakwika chimafala mofanana ndi cholondola, ndipo palibe amene amadziwa kumene chinachokera. Mlingo wa mankhwala ukalembedwa molakwika, mawa wina adzaupereka kwa wodwala. Choncho kagulu kalikonse kakhale ndi munthu wachiwiri woyerekeza notsi ndi buku kapena kufunsa aphunzitsi zisanapite pagulu lalikulu, ndipo wotumizayo azilemba buku ndi tsamba limene wazitenga.