Zigubu za mankhwala a thonje, majumbo ndi chakudya chathu

Alimi a thonje a ku Ngabu ndi ku Bangula akhala akundifunsa ngati chigubu chimene munali mankhwala opopera mbewu chingasungiridwe madzi akumwa chikatsukidwa bwino ndi sopo ndi mchenga. Yankho langa ndi lakuti ayi, ngakhale fungo litatheratu. Pulasitiki imamwerera mankhwala monga cypermethrin ndi dimethoate, ndipo dzuwa la kuno kuchigwa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, limachititsa kuti mankhwalawo azilowa m'madzi pang'onopang'ono. Dimethoate amawononga kagwiridwe ntchito ka minyewa, choncho munthu akamamva mutu ndi chizungulire, akamasanza kapena kuchucha malovu atamwa madzi otere, mumuthamangitsire kuchipatala. Mankhwala akatha, tsukuluzani chigubucho katatu, madziwo muwathire m'sipuleya, kenaka muchiboole kuti mwana asadzachitole n'kupita nacho kumjigo.

Amayi ena anafunsa za kuvundikira mpunga kapena mbatata ndi jumbo mphika uli pamoto, poti amati zimapsa msanga. Kupsa msanga sindikukana, koma jumbo ikatentha imafewa, ndipo utoto wake ndi mankhwala ena amene anaipangira zimatsikira m'chakudya pamodzi ndi nthunzi. Tsamba la nthochi limagwira ntchito yomweyo, ndipo silisowa m'madimba mwathu. Lekaninso kukolezera mbaula ndi pulasitiki, chifukwa utsi wake umapweteka chifuwa cha wophika ndi cha mwana ali kumbuyo.

Bambo wina wa ku Nsanje anapha mbuzi yowonda n'kupeza majumbo atapotana m'chifu. Mbuzi ndi ng'ombe zimatola majumbo msipu ukauma, makamaka amene munali mchere kapena mafuta, ndipo popeza sagayika, amatseka njira ya chakudya mpaka chiweto chimafooka mimba ili yotupa. Za nyama yake, itanani alangizi a ziweto aione musanadye kapena kugulitsa.

Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki) m'chaka cha 2015, komabe m'misika mwathu akadali mbwee. Madzi osefukira amawakokolera mu Shire, m'mene amaphwanyika kukhala tizidutswa tosaoneka timene nsomba zimatha kumeza. Kumunda kapena kudimba, nyamulani madzi m'chigubu chimene sichinasungepo mankhwala, muchiike pamthunzi, ndipo chikayamba kuthetheka muchisiye. Pakhomo, madzi akumwa asungeni mumtsuko wadothi wovundikira.